MWANA WOPHUNZIRA KWA ENI: ZOMUYENERA NDI ZOFUNIKA KWA IYE

Tsiku limene mwana akwera ndege ku Lusaka kapena ku Ndola kunka ku maphunziro a kutsidya la nyanja, komboni yonse imadziwa. Amai amaphika, anansi amadza kudzatsazika, ndipo atate ace, amene kapena atsika pansi pa mgodi zaka 25, amaima cete atagwira cikwama ca mwanayo. Kawiri-kawiri ndalama za ulendo wotere ndizo za penshoni, kapena za nyumba kaya ng'ombe zogulitsidwa. Cifukwa cace nkoyenera kuti makolo ndi abale adziwe bwino pangano limene mwana wao walowamo, pakuti cuma conseco cikhoza kutayika m'mlungu umodzi pa kanthu kamene banja silinakamvepo. Nkhani ino inena za dziko la Britain, kumene ana a dziko lino anayamba kale kupita. Maiko ena ali ndi malamulo ao-ao, ndipo wopita kumeneko ayenera kuwafunsa payekha.

AMENE ANATSOGOLA

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 okha, ndipo munalibe yunivesiti m'dziko muno kufikira mu 1966. Wofuna maphunziro apamwamba anali kupita ku Fort Hare m'South Africa, ku Makerere m'Uganda, ku Salisbury, ku India kapena ku Britain.

Mmodzi wa oterewa anali a Harry Nkumbula, amene anaphunzitsapo ana a anthu a m'migodi ku Mufulira ndi ku Wusakile. Atacoka ku Makerere anafika ku London, natenga dipuloma ya uphunzitsi. Mu 1949, akali wophunzira mumzindamo, analemba pamodzi ndi Dr. Hastings Banda kalata yokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Mlendo analankhula poyera za dziko lace ali pakhomo pa olamulira, ndipo lamulo linamlola. Komatu mayeso a ku London School of Economics, kumene anayamba maphunziro a za cuma, sanawakhoze, ndipo anabwerera mu 1950 alibe digiri imeneyo. Iwo anapeza nchito ina yaikulu, yotsogolera Congress kuyambira mu 1951.

Masiku amenewo khomo la Britain linali lotseguka kwa anthu a m'maiko a ulamuliro wace. Mu 1962 panaikidwa lamulo loyamba locepetsa anthu a m'Commonwealth olowa m'dzikomo, ndipo kuyambira mu 1980 wophunzira wocokera kunja amalipira mtengo wonse wa maphunziro ace. Lero wolephera mayeso sataya digiri yokha. Akacotsedwa sukulu, cilolezo cace ca kukhala m'dziko cimatha pamodzi.

PANGANO LA VIZA

Munthu wa pamgodi adziwa kuti polembedwa nchito pali mbali ziwiri. Kampani ipereka malipiro, cipatala ndi zovala zodzitetezera. Wanchito afika pa nthawi ya shifiti, namvera malamulo a pansi. Viza ya wophunzira iri cimodzi-modzi.

Asanailandire, mwana aonetsa kalata yocokera ku yunivesiti yokhala ndi cilolezo ca Boma ca kulandira alendo. Aonetsanso kuti adziwa Cingelezi, kuti anapimidwa cifuwa cacikulu, ndi kuti ndalama za sukulu ndi za cakudya zakhala m'banki masiku 28 otsatizana. Mu January 2025 ndalama za cakudya ndi nyumba zinaikidwa pa £1,483 pa mwezi kwa wophunzira m'London ndi £1,136 kwa wophunzira kwina, kuwerenga miyezi 9, ndipo mtengo umenewu umakwezedwa nthawi ndi nthawi. Ena amabwereka ndalama kwa mnansi kuti zingooneka m'banki, nazibweza viza itaturuka. Otere amafika kwa eni manja ali lende, ndipo njala ndiyo imawaphwanyitsa malamulo. Wopereka mapepala onama akagwidwa akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo zaka 10.

Mwana atafika, yunivesiti iri ndi lamulo la kuwerenga ofika m'kalasi, monga momwe kapitao awerengera gulu lace. Wojomba nthawi yaitali popanda cifukwa amanenedwa ku Home Office, ndiyo ofesi ya Boma yoyang'anira alendo, ndipo viza yace imafupikitsidwa, kawiri-kawiri kungomsiyira masiku 60 akuti apeze sukulu ina kapena acoke. Tsono wodwala, kapena amene wamva za maliro kwao, asangokhala m'cipinda kapena kukwera ndege mwakacete-cete. Auze ofesi ya ophunzira acilendo msanga, napereke kalata ya dokotala ngati iripo, pakuti cifukwa conenedwa pa nthawi yace cimamveka.

Palinso mlandu wa kukopa zolemba za munthu wina osachula mwini wace, kapena kulipira wina kuti alembe nchito ya sukulu. Kumeneko ayesa cimeneci kuba, ndipo cilango cace cikhoza kufika pa kucotsedwa sukulu.

MAOLA 20

Pano ndi pamene makolo ayenera kuchera khutu koposa. Wophunzira wa digiri aloledwa kugwira nchito maola 20 pa mlungu m'nyengo ya sukulu, ndipo wa maphunziro ocepera digiri maola 10 okha. Pa chuthi covomerezeka ndi yunivesiti akhoza kugwira mlungu wathunthu. Mlungu uwerengedwa kuyambira Lolemba kufikira Sondo, ndipo uli wonse uima paokha: wogwira maola 10 mlungu uno sangagwire 30 mlungu wa mawa. Akakhala ndi nchito ziwiri, maola a zonse ziwiri aphatikizidwa. Saloledwa kuyamba malonda ace-ace kapena kudzilemba nchito yekha, ndiponso saloledwa kulandira ndalama za Boma zothandiza eni dziko osauka.

Pa mgodi munthu wogwira ovataimu amatamandidwa kuti ngwakhama. Kwa wophunzira wacilendo ovataimu yopitirira maola 20 ndi mlandu, ndipo ikhoza kumlanditsa viza ndi kumbweza kwao digiri isanathe. Mabuku a malipiro ndi a msonkho amasunga zonse, kotero kuti cinthu cocitika caka cino cikhoza kudzaonekera pamene mwana apempha viza ina.

Tsono taganizani za mwana amene walandira uthenga pa foni wakuti mlongo wace wabwezedwa ku sukulu cifukwa ca fizi, feteleza sanagulidwe, ndipo malume ali m'cipatala. Banja limva kuti paundi imodzi ndi makwaca ambiri, koma siliona mtengo wa cipinda, wa basi ndi wa moto m'nyengo ya cisanu. Mwana wolera bwino sakana makolo. Avomera shifiti yacitatu usiku, agona m'kalasi, ndipo tsiku lina alandira kalata ya Home Office. Banja limene linafuna thandizo la miyezi iwiri lataya thandizo la zaka 30. Kholo lanzeru limuuza mwana pomlaira kuti nchito yace yoyamba ndi mabuku, ndi kuti za kumudzi abale otsala adzaona.

Umphawi womwewu ndiwo umakokera ophunzira m'msampha wina. Munthu amadza ndi mau okoma, napempha kuti ndalama zace zingodzera m'akaunti ya mwanayo, iye atapepo pang'ono, kapena kuti amnyamulire kaphukusi. Ndalama zotere kawiri-kawiri nzakuba, ndipo womangidwa ndiye mwini akaunti. Wopezeka ndi phukusi ndiye ayankha za m'katimo.

ZOMUYENERA MLENDO

Akale anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ana ambiri amapirira zoipa poganiza kuti mlendo alibe pakamwa. Pa nkhani iyi lamulo la Britain linena zina.

Coyamba ndi cipatala. Popempha viza wophunzira alipiriratu msonkho wa za umoyo, umene mu February 2024 unafika pa £776 pa caka. Atalipira, aonana ndi dokotala ndi kugonekedwa m'cipatala ca Boma monga mwini dziko. Alembetse dzina kwa dokotala wa m'dera lace m'milungu yoyamba, asanadwale. Kusungulumwa ndi kusweka mtima m'nyengo ya mdima ndi cisanu nakonso ndi matenda, ndipo mayunivesiti ali ndi anthu oikidwa kumva zotere.

Caciwiri ndi nchito. Malipiro ocepetsetsa oikidwa ndi Boma ali a wanchito ali yense, mlendo ndi mwini dziko yemwe, ndipo ayenera kulandira pepala la malipiro. Bwana wolipira m'manja popanda pepala amatero kuti wanchito asowe umboni tsiku la mkangano.

Cacitatu ndi nyumba. Ku England mwini nyumba ya lendi saloledwa, pa nyumba wamba, kutenga cikole coposa lendi ya milungu 5, ndipo ayenera kuciika m'manja mwa bungwe lovomerezeka ndi Boma asanathe masiku 30. Mwana asatumize ndalama pa cipinda cimene iye kapena munthu wokhulupirika sanacione, ndipo awerenge pangano lonse asanasaine.

Cacinai, lamulo la mu 2010 lochedwa Equality Act liletsa tsankho la khungu, la mtundu ndi la cipembedzo m'sukulu, pa nchito ndi pa nyumba. Wozunzidwa alembe tsiku, malo ndi maina a mboni, nakanene.

Cacisanu, wogwidwa ndi apolisi ayenera kupatsidwa loya waulere, ndipo akapempha, ofesi ya kazembe wa dziko lace iyenera kuuzidwa, monga mwa pangano la maiko la ku Vienna la mu 1963. Kazembe wa Zambia ku London sangaturutse munthu m'ndende kapena kumlipirira ngongole, koma angamcezere ndi kudziwitsa abale. Cifukwa cace nkwabwino kulembetsa dzina ku ofesiyo pofika.

Pomaliza, popeza Zambia iri m'Commonwealth, wophunzira wa kuno wokhala m'Britain ndi viza yace akhoza kulembetsa ndi kuponya voti pa masankho a dzikolo. Ambiri amabwerera osadziwa cimeneci.

YUNIVESITI IKALAKWA

Nthawi zina wolakwa ndi sukulu. Mu August 2012 Boma linalanda London Metropolitan University cilolezo ca kulandira alendo, ponena kuti mabuku ace a ophunzira acilendo sanali m'malo. Ophunzira oposa 2,000, ambiri a iwo osalakwa konse, anauzidwa kuti adzayenera kupeza sukulu ina kapena kucoka. Iwo sanakhale cete. Bungwe la ophunzira linawaimira, nkhani inapita ku bwalo lalikuru la milandu, ndipo mu September woweruza analola kuti okhala ndi mapepala abwino apitirize maphunziro. Cilolezo cinabwezedwa mu 2013.

Anthu a m'migodi, amene makolo ao anamanga cigwirizano ca anchito mu 1949 motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu, adziwa kuti dandaulo la munthu mmodzi limamveka msanga likadzera m'gulu. Yunivesiti iri yonse iri ndi bungwe la ophunzira lopereka uphungu waulere, ndi njira yolembedwa ya madandaulo. Wosakhutira ndi yankho la yunivesiti ku England ndi ku Wales akhoza kupita kwa woweruza wapadera, Office of the Independent Adjudicator, asanathe miyezi 12, popanda kulipira. Koma onse amenewa amafunsa mapepala. Malisiti, makalata a sukulu ndi pangano la nyumba zisungidwe monga momwe munthu asungira citupa cace.

MAPHUNZIRO ATATHA

Malamulo a viza amasintha, ndipo zimene mnansi anaona zaka 5 zapitazo sizingakhale umboni wa lero. Kuyambira mu January 2024 ophunzira ambiri saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Otsala ndi mwai umenewu makamaka ndi a maphunziro ofufuza, monga a udokotala wa PhD, ndi ena otumidwa ndi Boma. Mu 2021 panatsegulidwa njira yakuti womaliza digiri agwire nchito zaka 2, ndipo mu 2025 Boma linalengeza kuti kuyambira mu 2027 nthawiyo idzakhala miyezi 18. Wokhalitsa viza itatha asanduka wobisala: sangapeze nchito yoyenera, aopa cipatala, ndipo maliro a makolo ace amamva pa foni.

Wopita ndi ndalama za thandizo ali ndi ngongole ina. Thandizo la Chevening lifuna kuti wolandira abwerere kwao zaka zosacepera 2, ndipo la Commonwealth nalonso liperekedwa pa lonjezo la kubwerera. Wophwanya lonjezo acepetsa cikhulupiriro ca opereka pa ana ena a dziko lace. Atafika kuno, digiri yace ipite ku Zambia Qualifications Authority kuti itsimikizidwe, pakuti olemba nchito ambiri amafuna umboni umenewo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo palibe coipa m'kutumiza mwana kutali. Cofunika ndi cakuti banja likhale pansi ulendo usanafike. Lione ngati dzina la yunivesiti liri pa mndandanda wa Boma la Britain wa sukulu zololedwa, m'malo mwa kungokhulupirira mau a munthu wodyerapo. Liwerenge ndalama za zaka zonse za maphunziro, osati za caka coyamba cokha. Lisunge kunyumba makope a pasipoti, a viza ndi a kalata ya sukulu, pamodzi ndi nambala ya ofesi ya ophunzira acilendo. Ndipo makolo amuuze mwana momveka kuti akapeza bvuto anene msanga, osaopa manyazi, pakuti ambiri amene anabwezedwa anayamba ndi kubisa kanthu kakang'ono kamene ofesi ya sukulu ikadakonza tsiku limodzi.