Tikapunthwa Powerenga Ndakatulo

Lero tikambirane za kuwerenga mokweza.

M'chaka cha 2005 bambo wina wa ku Canada, dzina lake Hugh McGuire, anayambitsa gulu lotchedwa LibriVox. Anthu a m'gululi amawerenga mabuku ndi ndakatulo zakale, najambula mawu ao, osalandira malipiro. Akhungu ndi ena onse amamvera mawuwo ulere pa intaneti.

Kodi muganiza kuti anthu amenewa sapunthwa? Amapunthwa ndithu! Koma munthu akalakwa sayambiranso pachiyambi. Ambiri amaomba m'manja kamodzi, nabwereza mzere umenewo. Akatha kuwerenga, phokoso lija limawasonyeza malo, ndipo amadula polakwika paja. Kenaka mnzao amamvetsera zonse, nawauza ngati patsala cholakwa.

Zina n'zazing'ono, monga kupuma pang'ono kapena katchulidwe ka kwanu. Zimenezi zisakuvuteni. Koma liwu likasintha tanthauzo, likonzeni. Taonani: mukasiya "h" m'liwu loti "khoma", mwanena "koma". Mukamsiya mu "phala", mwanena "pala". Womvera alibe pepala, akhulupirira pakamwa panu. Ndiponso ndakatulo ndi yaifupi, ndipo mlembi anasankha liwu lililonse mosamala.

Tsono inu mukafuna kujambula ndakatulo pa foni, yambani mwaiwerenga katatu chamumtima. Werengani mosathamanga. Mukalakwa, bwerezani mzerewo. Pemphani mnzanu kapena aphunzitsi amvetsere, buku lili m'manja. Mnzanu akalakwa musamseke, muuzeni mwaulemu.

Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.