Madzi Saiwala Khwawa: Za Ulendo Wokaona Kumene Makolo Athu Adabadwira



Tikasonkhana chonchi, aliyense wa ife amadziwa kuloza kummawa ndi kunena kuti kwathu ndi ku Namuli. Koma tikafunsana kuti, kodi agogo ako adabadwira mudzi uti, ankatunga madzi mumtsinje uti, ambiri timangoti kukamwa yasa. Masiku ano ana athu ayamba kulakalaka kupita okha kukaona dziko limene makolo adachokera. Chilakolako chimenechi ndi chabwino, ndipo lero ndifuna tikambirane za ulendowo: chimene chidatichotsa kumeneko, ndi mmene tingabwererere mwaulemu.

Phiri la Namuli lili m'chigawo cha Zambezia, pafupi ndi tauni ya Gurué. Kutalika kwake ndi mamita 2,419, ndipo ndi lachiwiri pa mapiri onse a mu Mozambique. Mtsinje wa Licungo umayambira komweko. Makolo adatisiyira mwambi wakuti pathanthwe la phirilo pali mapazi a anthu oyamba, ndipo kuchokera pamenepo mafuko athu, Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Akokhola, Alikhuku ndi ena, adabalalika kutsata mitsinje.

M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire, osafunsa eni dziko. Pa zaka zotsatira, moyo kutsidya lija udafika powawa: msonkho, ntchito yokakamiza imene ankati chibalo, ndi kathabwa koboolaboola komenyera zikhatho kotchedwa palmatória. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, makolo athu ankathawa m'magulumagulu, ana kumsana, mbewu za nandolo ndi kalongonda pamutu. Ena adaoloka Ruo ndi Muloza, ena adalambalala nyanja ya Chilwa, nadzakhala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba.

Kuno sadapeze mpumulo umene ankauyembekeza. Malo ambiri adali kale m'manja mwa azungu a minda ya thonje, fodya ndi tiyi, ndipo wofuna pomanga nyumba ankalipira ndi thukuta lake pa thangata. Ambiri mwa amene adatsata Mbusa John Chilembwe mu January 1915 adali makolo athu omwewa, olema ndi nkhanza za m'minda ya ku Magomero. Pamwamba pa izo padadza chitonzo. Dzina lakuti Anguru lidasanduka mwano, ndipo pofuna kuteteza ana awo, makolo ambiri adaleka kuyankhula Chilhomwe pabwalo. Ena adasintha ndi maina omwe. Tisawaweruze, pakuti adachita zimenezi kuti ife tikhale ndi moyo. Tikumbukirenso a Lewis Mataka Bandawe, amene adagwira ntchito pa mishoni ya Mihecani ku Mozambique, nathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, ndipo mu 1943 adayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Society lomenyera ulemu wa dzina lathu. Lero kalembera wa 2018 akusonyeza kuti pa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 19 ndi Alhomwe, ndipo gule wathu wa tchopa adalembedwa ndi UNESCO mu 2014. Dzina lidabwerera, koma njira ya kumudzi kwa agogo ikumka niwirira.

Ichi ndi chifukwa chake ndikuti ulendo wa ku Namuli uyambire pakhonde la agogo, pasipoti isanafunidwe. Amene adaoloka malire adatha kale. Atsala ndi ana awo ndi adzukulu awo, amene adamva nkhanizi pamoto ali aang'ono, ndipo nawonso tikuwaika m'manda chaka ndi chaka. Safunsa adadya phula. Khalani nawo pansi, muwafunse modekha, ndipo mulembe kapena mujambule mawu awo pa lamya ya m'manja.

Mufunse chiyani? Ife timatsata mbumba, choncho yambani ndi mzere wa kuchikazi: amayi a amayi anu adali yani, mwini mbumba amene adatsogolera ulendowo adali yani? Dzina la bambo limene lili pa chiphaso chanu likhoza kukusocheretsani, chifukwa ambiri mwa maina amenewo adaperekedwa ndi akapitawo a m'minda kapena pa ubatizo. Funsani dzina la kuubwana ndi la kuchinamwali. Funsani fuko. Koposa zonse funsani mtsinje ndi phiri, pakuti mudzi umasamuka, mfumu imalowedwa m'malo, koma mtsinje ndi phiri zimakhala pomwepo. Funsaninso masiku amene adayenda panjira ndi pamene adaolokera. Ngakhale nyimbo ya pamtondo imene agogo ankayimba musaitaye, chifukwa mwina muli dzina la malo.

Mukalemba maina, kumbukirani kuti kutsidya amalemba Chipwitikizi. Pamene ife timalemba "ny" iwo amalemba "nh", ndipo "k" wathu kawirikawiri amakhala "c" kapena "qu". Dzina limene mulifuna likhoza kukhala pa chikwangwani patsogolo panu, kapena m'kaundula wa ubatizo pa mishoni, inu osalizindikira.

Njira yodziwika kwa ambiri ndi ya pa chipata cha Muloza, kulowa ku Milange. Kuchokera pamenepo pali msewu wodzera ku Molumbo, ndi wina wozungulira wodzera ku Mocuba. Yendani m'chilimwe, chifukwa m'dzinja misewu ya kumidzi imavuta. Tengani mnzanu wodziwa Chilhomwe ndi Chipwitikizi. Anthu otere sasowa pakati pathu: pa nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992, dziko lino lidasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ubale umene udamangidwa nthawi imeneyo ulipobe m'midzi ya m'malire.

Mukafika, musayambe ndi kufunafuna manda kapena kujambula zithunzi. Yambani mwaonekera kwa mfumu ya deralo, imene kumeneko amati régulo, mufotokoze mwana wa yani ndinu ndi chimene mwadzera. Phiri la Namuli nalonso lili ndi eni ake amene amalisunga, ndipo munthu sakwera asanapemphe chilolezo ndi kupereka mphatso monga mwa mwambo. Musapite chimanjamanja, komanso musapite ndi matama a m'tauni. Nenani poyera kuti simudadzere malo kapena ufumu, pakuti abale akakayika kuti mlendo wadzalanda munda wa agogo ake, pakamwa pawo pamatsekeka. Amene adatsala adasenza chibalo, nkhondo ya ufulu mpaka 1974, ndi nkhondo inayo pambuyo pake. Nawonso ali ndi nkhani yawo, ndipo ayenera kumvedwa.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Mwina bwinja la agogo simukalipeza. Nkhondo idabalalitsa midzi, anthu adasamutsidwa, manda ambiri adamera thengo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona minda ya tiyi ya ku Gurué itayalana m'tsinde mwa phiri ngati ya ku Mulanje, mudzamvetsa chifukwa chake makolo adakonda kukhala pansi pa phiri atafika kuno. Mukamva kamwana pachitsime kakuyankhula momasuka chiyankhulo chimene agogo anu ankachinong'ona, mudzadziwa kukula kwa chimene tidataya, ndi kuti sichidafe. Ndipo tsiku lina nkhalamba ina ikamva dzina la fuko lanu idzakuyalirani mphasa ndi kukuitanani kuti mwana wathu. Chibale ndi fupa, sichiola.

Pomaliza ndili ndi mapempho awiri. Kwa bungwe lathu: tikhale ndi buku limene banja lililonse lidzalembamo dzina la mbumba yake, fuko, mtsinje ndi pamene makolo adaolokera, kuti opita m'tsogolo asayambire pachabe. Kwa inu nonse: mwambo uno ukatha, sabata ino isadutse musanakhale pansi ndi wamkulu wa banja lanu. Mawu akuti mulhako amatanthauza khomo. Khomo limenelo likadali lotsegula pamene agogo athu akadali ndi mpweya.