Wochita Lendi Asaiŵalike pa Nthaŵi ya Ngozi



Pamene namondwe wa Freddy adakantha chigawo cha kum'mwera m'mwezi wa Malichi 2023 atadutsa ku Mozambique, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Anthu oposa 600,000 m'chigawo chonsecho adasoŵa pokhala, ndipo ambiri adasungidwa m'masukulu ndi m'matchalitchi. Pakati pa anthu a m'tauniwo padali gulu limene silitchulidwa kaŵirikaŵiri: anthu ochita lendi.

Mwini nyumba, ngakhale khoma ligwe, malo amatsala ndi ake, ndipo malata kapena simenti ya chithandizo ikabwera amakhala ndi poimikapo. Wochita lendi alibe malo. Misasa ikatsekedwa kuti ana abwerere m'makalasi, iye amatuluka ndi kamtolo kake kukasaka nyumba pamodzi ndi anzake ochuluka, pomwe nyumba zachepa. Apa ndi pamene eni nyumba ena, osati onse, amakwezera lendi mosaona nkhope, kapena kutulutsa banja lakale kuti aloŵetse wa ndalama zambiri.

Vutoli lidayamba kale. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa mu 1964, koma nyumba zake sizidakwanire chinamtindi cha anthu obwera m'tauni. Ambiri adapeza pogona ku Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, kumene pangano la lendi limachitika pakamwa, popanda pepala ngakhale lisiti. Tsono mkangano ukabuka, wa ku bwalo la milandu ayambira pati? Mwini nyumba akuti mlendi ali ndi ngongole ya miyezi itatu. Mlendi akuti adalipiriratu nyumba imene tsopano ndi mulu wa dothi. Mboni yake mwina idapita ndi madzi omwewo.

Napolo atasakaza ku Phalombe mu 1991, dziko lidakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano m'malo mwake. Malamulo a lendi nawo ayenera kulankhula mosapita m'mbali pa nthaŵi yotere: nyumba yosakhalika isalipitsidwe, zimene adalipiriratu zibwezedwe, ndipo lendi isakwere kwa miyezi ingapo m'dera limene Boma lalengeza kuti muli ngozi. Nayenso mwini nyumba woona mtima atetezedwe, pakuti ambiri ndi amayi amasiye ndi nkhalamba zopuma pa ntchito, zimene zimadyera tizipinda tiŵiri ta kuseri.

Ogwira ntchito m'Boma amene amatumidwa kukachita kalembera wa okhudzidwa asamalembe nyumba yokha ndi dzina la mwini wake. Pa mpanda umodzi pakhoza kukhala mabanja asanu. Afunse kuti ankagona m'chipinda chilichonse ndani, ankalipira zingati, ndipo walipira kufikira mwezi uti. Mafumu a m'tauni nawo alimbikitse anthu ao kulemberana pangano, ngakhale m'kope la sukulu, pamaso pa mboni ziŵiri.