Chiromo, Pamene Njanje Inkakumana ndi Mtsinje

(Mau okambidwa kwa anthu a ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje)

Mafumu, aphunzitsi ndi alimi nonse, ku Likuni sikudutsa njanje, koma fodya ndi mtedza wa makolo anu zinkaidziwa bwino sitesheni ya Chiromo. Magalimoto ankatula matumba ku Salima, kumene njanje inafika mu 1935, ndipo sitima popita ku Beira inkaoloka Shire pa Chiromo pomwepo.

Malowa ali pamene Ruo amathira mu Shire. Kale sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkakocheza pamenepa, ndipo amtengatenga ankasenza katundu kukwera naye kumapiri. Njanje inafika ku Blantyre mu 1908. Koma madzi a Shire anali atachepa, sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga, motero doko lenileni linakhala Port Herald, amene lero ndi Nsanje.

Mdani wa Chiromo ndi madzi omwewo. Mu 1948 zisumbu za udzu zoyandama zinaunjikana pa mlatho mpaka unagwa. Watsopano unatha mu 1950. Mu 1970 njanje ya ku Nacala inatsegulidwa kuchokera pa Nkaya, kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, katundu nachoka pa Chiromo.

Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanje pakati pa Chiromo ndi Bangula, sitima niyamba kubwerera pa Makhanga. Anthu amene kale ankaoloka atakhala pampando m'sitima anayamba kulipira bwato, katundu ndi njinga zomwe. Mu 2015 madzi anaononganso njanje ya ku Makhangayo.