NJERWA, NKHALANGO NDI NDALAMA ZA KAFUKUFUKU

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a m'maboma ndi ogwira ntchito za Boma



Munthu aliyense amene amayenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, kapena wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, m'nyengo ya chilimwe, amaona mauvuni a njerwa akufuka utsi m'mbali mwa msewu, ndipo pafupi ndi uvuni uliwonse pamakhala mulu wa zipika za nkhuni. Zipikazo si nthambi zouma zimene amayi amatola pokafuna nkhuni zophikira ayi, koma ndi mitengo yathunthu, ina ya misuku, ina ya mibawa, ndipo masiku ano ngakhale mitengo ya mango imene makolo adabzala kuti ana azidya zipatso.

Palibe amene angadzudzule banja chifukwa chofuna nyumba ya njerwa ndi malata. Khumbo limenelo ndi labwino, ndipo ndi chizindikiro chakuti anthu akufuna chitukuko. Koma kalembera wa chaka cha 1966 adapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni m'dziko muno, pamene kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni. Mabanja achuluka, sukulu ndi zipatala zofunika kumanga zachuluka, koma mapiri ndi omwe aja, ndipo mtengo wachilengedwe umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime. Njerwa sindizo zokha zimene zatha nkhalango, pakuti makala, zigafa za fodya ndi kutsegula minda yatsopano zatengako mbali yaikulu. Komabe uvuni wa njerwa uli ndi mlandu wake, chifukwa umafuna nkhuni zikuluzikulu zoyaka usana ndi usiku, ndipo moto wake wambiri umangotayikira kumwamba.

Phiri likayera, mvula imakokolola nthaka, mitsinje imadzaza mchenga, ndipo matope amakathera mu mtsinje wa Shire, m'mene muli makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Chotero munthu wootcha njerwa ku Neno kapena ku Ntcheu ndi kalaliki amene nyali yamuzimira mu ofesi ku Blantyre ali pa chingwe chimodzi, ngakhale sadziwana. Koma kubwerera ku zidina wamba si yankho. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndiponso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adaonetsa poyera kuti khoma la dothi losalimbitsidwa, lopanda maziko okwera, limasungunuka likanyowa nthawi yaitali, ndipo limagwera eni ake.

Pozindikira zimenezi, m'chaka cha 2018 Boma lidakhazikitsa malamulo akuti nyumba za Boma, za mabungwe ndi za malonda zizimangidwa ndi zipangizo zosaononga chilengedwe m'malo mwa njerwa zootcha ndi nkhuni. Lamulolo ndi loyenera. Koma lamulo limangotseka njira yoipa. Silipanga njerwa ina yoti mmisiri aigwire m'manja. Kuti pakhale njerwa ina yolimba, yotsika mtengo, yopangidwa ndi dothi la komwe kuno, pafunika anthu ophunzira amene adzakhala m'nyumba zoyeseramo zinthu, kuyesa, kulephera, ndi kuyesanso. Ntchito imeneyo ndiyo kafukufuku, ndipo imafuna ndalama.

Ena amafunsa kuti, kodi n'chifukwa chiyani ndalama zimenezi zichokere m'thumba la Boma, pamene zipatala zikufuna mankhwala ndipo alimi akufuna feteleza? Funsoli ndi lolemera, ndipo mayankho ake alipo atatu. Loyamba, kafukufuku amachedwa kubala; akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wamalonda amene ali ndi ngongole ku banki sangadikire zaka khumi. Lachiwiri, kampani ikatulukira chinthu ndi ndalama zake imachibisa kuti ipindule yokha, koma chimene chatulukiridwa ndi msonkho wa anthu chimakhala cha anthu onse, mpaka mmisiri wa kumudzi. Lachitatu, Boma ndilo mwini nyumba wamkulu koposa onse m'dziko. Khoma la sukulu likang'aluka, ndalama zokonzera zimachokera m'thumba lomwelo.

Mbiri ikuchitira umboni mfundo zimenezi. M'zaka za m'ma 1950, mu mzinda wa Bogotá ku Colombia, mudali likulu loona za nyumba za anthu osauka lotchedwa CINVA, limene mayiko a ku America adalikhazikitsa mogwirizana. Kumeneko katswiri wina wa ku Chile, Raúl Ramírez, adakonza chikombole chachitsulo chokhala ndi mkono wautali, chimene munthu amachikanikiza ndi mphamvu zake, popanda mafuta kapena magetsi, n'kutulutsa njerwa ya dothi yotsindirika kwambiri. Makina amenewo, otchedwa CINVA-Ram, adafalikira ku Africa ndi ku Asia, ndipo makina ambiri oumbira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti amene akuoneka m'dziko muno lero adachokera pa nzeru yomweyo.

Kapangidwe ka njerwa zimenezi nkosavuta kukafotokoza. Dothi lapamwamba la manyowa limachotsedwa, ndipo limatengedwa la pansi pake. Limasefedwa, n'kusakanizidwa ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, ndi madzi ongokwanira kulinyowetsa. Likatsindiridwa m'makina, njerwazo zimaikidwa pamthunzi, zimafunditsidwa ndi kuwazidwa madzi, ndipo zimafika pa mphamvu yake patatha pafupifupi milungu inayi. Palibe mtengo ngakhale umodzi umene umagwa. Popeza njerwazo zimatuluka zosalala ndi zofanana msinkhu, matope a simenti omangira amalowa ochepa, ndipo nthawi zina khoma silifunanso pulasitala.

Koma pamenepa mpamene pafunika kafukufuku wa kwathu kuno, chifukwa dothi silifanana. Katondo wofiira wa m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu sachita chimodzimodzi ndi makande akuda a kuchigwa cha Shire ndi ku Phalombe, amene amatupa akanyowa ndi kung'aluka akauma. Dothi la mchenga wochulukirapo limagwirizana ndi simenti, pamene dothi la dongo lambiri limafuna njereza. Mmisiri akhoza kuyesa dothi lake polithira m'botolo la madzi, kulikhutchumula ndi kulisiya kuti lidikhe: mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Koma botolo silinganene kuti khoma lidzasenza denga lolemera motani, kapena kuti lidzapirira bwanji chivomezi chonga chija chidagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009. Zimenezo zimafuna makina oyesera ndi akatswiri olipidwa. Popanda muyeso wotsimikizika, kontirakitala wadyera amachepetsa simenti, njerwa n'kuoneka yokongola kunja, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndipo khoma limodzi likagwa, mudzi wonse umataya chikhulupiriro pa njira yatsopanoyo, n'kubwerera ku uvuni.

Nkoyenera kunena mosabisa kuti simenti nayo ili ndi mlandu. Mabuloko a simenti apulumutsa mitengo, koma akweza kufunika kwa mchenga, ndipo magombe a mitsinje ndi a nyanja akukumbidwa. Simenti ndi yokwera mtengo, ndipo mbali ina ya zipangizo zake imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko limazipeza movutikira. Ndiponso popanga simenti, miyala ya laimu imaotchedwa pa moto wofika madigiri 1,450 kuti pakhale timiyala totchedwa clinker, ndipo ntchito imeneyi imatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa carbon dioxide umene anthu amatulutsa pa dziko lonse, mpweya umene ukusokoneza nyengo.

Apanso ndalama za boma zidatsegula njira. Akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya EPFL ku Lausanne, motsogozedwa ndi Pulofesa Karen Scrivener, pamodzi ndi anzawo a ku Cuba motsogozedwa ndi Pulofesa Fernando Martirena, ndiponso a ku India, adakonza simenti yotchedwa LC3, ndipo kuyambira 2014 boma la Switzerland lidathandiza ntchito yoifalitsa. M'simenti imeneyi clinker imangokhala theka. Magawo 30 pa 100 ndi dongo lootchedwa pa madigiri pafupifupi 800, magawo 15 ndi miyala ya laimu yongopera osaotcha, ndipo magawo 5 ndi gypsum. Mphamvu yake imafanana ndi ya simenti wamba, koma mpweya woipa umachepa mpaka ndi magawo 40 pa 100. Mafakitale a ku Colombia, Cameroon ndi Ghana adayamba kale kuotcha dongo lopangira simenti. Dziko la Malawi lili ndi miyala ya laimu ku Balaka ndi ku Kasungu, ndipo lili ndi dongo lodziwika bwino ku Linthipe m'boma la Dedza. Kudziwa dongo limene lingayenere ntchitoyi, kuchuluka kwake, ndi mtengo wolinyamulira ndi udindo wa akatswiri a dziko lino, ndipo palibe mlendo amene adzaugwire ndi mtima woposa wa eni nthaka.

Ngakhale njerwa yootcha siidatheretu ntchito. Ku China kudachokera uvuni woimirira, umene njerwa zimalowera pamwamba ndi kutulukira pansi, ndipo kutentha kochoka pa njerwa zakupsa kumaumitsa njerwa zaziwisi zimene zili pamwamba. Uvuni wotere umadya moto wochepa kwambiri, sufuna zipika za nkhuni, ndipo udayesedwapo kale m'dziko muno.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi ya nyumba imene yamangidwa kale: kodi idzadya magetsi ochuluka bwanji pa moyo wake wonse? Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Nthawi imeneyo anthu adazindikira kuti ofesi ya magalasi okhaokha, imene singakhalike popanda makina oziziritsa mpweya, ndi msampha. Nyumba yomangidwa mwanzeru imadziziziritsa yokha. Makoma ake aatali amayang'ana kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo lisalowe pa mazenera akuluakulu. Khonde lake limakhala lotambalala, loteteza khoma ku dzuwa ndi ku mvula. Mazenera amayang'anizana kuti mphepo izidutsa. Pansi pa malata pamakhala siling'i, ndipo malatawo amakhala owala osati akuda. Makolo ankazidziwa zambiri mwa izi, ndipo n'chifukwa chake nyumba ya udzu ya khonde lozungulira imazizira mu Okutobala pamene ya malata opanda siling'i imakhala ngati chiwaya.

Ku Harare kuli nyumba yaikulu ya malonda ndi maofesi yotchedwa Eastgate, imene idatsegulidwa mu 1996. Katswiri amene adaijambula, Mick Pearce, adatengera nzeru pa chulu cha chiswe. Usiku mpweya wozizira umakokedwa kudutsa m'mphako za konkire ya pansi pa zipinda, konkireyo imasunga kuzizirako, ndipo masana mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga. Nyengo ya Harare siisiyana kwenikweni ndi ya Lilongwe kapena Mzuzu. Koma Nsanje ndi Salima ndi kwina, ndipo pulani imodzi ya chipinda chophunziriramo singayenere Chitipa ndi Chikwawa pamodzi. Kuyeza kutentha m'zipinda za sukulu ndi zipatala za m'madera osiyanasiyana, ndi kukonza mapulani oyenera dera lililonse, ndi kafukufuku wosafuna ndalama zambiri, koma phindu lake lingafike kwa mwana aliyense amene amaodzera m'kalasi chifukwa cha kutentha.

Zida zogwirira ntchitoyi zilipo. Pali bungwe loona za miyeso la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972. Pali National Commission for Science and Technology. Pali nthambi ya Boma yofufuza za miyala ku Zomba. Pali sukulu za ukachenjede za MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo. Chosowa ndi ndalama zokwanira ndi zosadukiza. M'chaka cha 1980, ku Lagos, atsogoleri a mayiko a Africa adagwirizana kuti dziko lililonse lizipatula gawo limodzi pa 100 la chuma chake kuti lipite ku sayansi ndi luso, koma mayiko ambiri sadafikebe pa muyeso umenewo. Kafukufuku wodalira thandizo lakunja lokha amatha tsiku limene mlendo wanyamula chikwama chake, ndipo makina amachita dzimbiri kuseri kwa ofesi.

Tsono udindo wagawika motere. Okonza ndondomeko ya chuma asamaone ndalama za kafukufuku ngati zoyamba kudulidwa chaka chikavuta. Akatswiri asatsekere zimene apeza m'makabati, koma azilembe m'chiyankhulo chimene mmisiri angamve, ndi kukaziphunzitsa m'sukulu za ntchito zamanja. Oyang'anira zomangamanga m'makhonsolo asasainire khoma limene njerwa zake sizidayesedwe, ngakhale kontirakitala atakhala mbale wawo. Atsogoleri a m'midzi ndi mafumu akumbukire anyamata amene amapeza chakudya poumba ndi kuotcha njerwa; amenewo si adani a chitukuko, ndipo ndiwo oyenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa ndi kuthandizidwa kupeza makina atsopano, chifukwa kumuletsa munthu ntchito popanda kumupatsa ina ndiko kumutumiza kuphiri usiku ndi nkhwangwa.

Mutu umodzi susenza denga. Nyumba imene ikumangidwa chaka chino idzakhalamo adzukulu, ndipo adzukuluwo adzafunanso mthunzi, madzi m'mitsinje ndi magetsi m'nyumba. Ndalama imene Boma liika lero pa kuyesa dothi, dongo ndi mapulani a nyumba ndi yochepa poyerekeza ndi imene lidzalipire pomanganso sukulu zakugwa ndi kuchotsa matope mu Shire.