Mankhwala a Nkhuku ndi Matenda a Anthu

(Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi)

Aphunzitsi ambiri amaweta nkhuku pasukulu, ndipo ana ndi makolo ao omwe amatengera kwa iwo kawetedwe kace. Cifukwa cace nkoyenera kuti mphunzitsi adziwe ngozi imene ibisala mu ufa wacikasu uja anthu amausungunula m'madzi akumwa a anapiye.

M'caka ca 1950 akatswiri awiri a ku America, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, analengeza kuti anapiye opatsidwa aureomycin pang'ono m'cakudya cao amakula msanga koposa anzao. Alimi anakondwera ndithu, ndipo posacedwa mankhwala opha tizirombo anayamba kuthiridwa tsiku ndi tsiku m'cakudya ca nkhuku zosadwala konse. Koma mankhwala ocepa satha kupha tizirombo tonse. Tofooka timafa, tolimba timatsala, ndipo popeza malo atikulira, timaswana kufikira kudzaza matumbo a nkhukuyo. Tsiku loipha ndi kuitumbula, tizirombo tija timagwera pa mnofu, ndipo wogula amapita nato kwao osadziwa kanthu.

Zimene zinacitika ku Quebec, m'dziko la Canada, zionetsa bwino kumene nkhaniyi ifika. Kumeneko oswetsa anapiye anali kubaya mazira ndi mankhwala ochedwa ceftiofur, amene ali a mtundu umodzi ndi ceftriaxone, mankhwala amene madokotala amaciritsira ana ogwidwa koopsa ndi Salmonella. Boma linali kupima nyama ya nkhuku ya m'masitolo, ndiponso odwala. M'caka ca 2004, mwa tizirombo 100 ta Salmonella Heidelberg topezeka pa nyamayo, 62 sitinamve ceftiofur. Mwa 100 tocokera kwa anthu odwala, 36 tinali totero. M'caka ca 2005 oswetsa anapiye analeka kubaya mazira mwa kufuna kwao. Pofika 2006 ciwerengero ca pa nyama cinatsika kufika pa 7, ca kwa anthu pa 8. M'caka ca 2007 ena anayambanso kubaya, ndipo ziwerengerozo zinayambanso kukwera. Odwala ajawo sanamwepo mankhwala a nkhuku. Cimene cinawafika ndi tizirombo tozolowera kale mankhwalawo.

Dziko la Sweden linaletsa kukulitsa ziweto ndi mankhwala otere mu 1986, maiko a European Union mu 2006, ndipo nkhuku zikali kuwetedwa kumeneko.

Kuno colakwa cofala ndico kuthamangira makapisozi nkhuku ikangozyolika. Kawirikawiri nthendayo ndi citopa, cimene cimadza ndi vairasi, ndipo mankhwala opha mabakiteriya saikhudza mpang'ono pomwe. Ndalama itayika, nkhuku zifabe, ndipo zopulumuka zitsala ndi tizirombo tolimba. Citopa cimapewedwa ndi katemera. Khola louma, lopita mphepo, losapanikizana, ndi madzi oyera, zicepetsa matenda ena ambiri. Ngati mlangizi wa ziweto walamula mankhwala, aperekedwe pa muyeso wace ndi masiku ace onse, ndipo nkhukuyo isaphedwe, mazira ace asadyedwe, kufikira atapita masiku olembedwa pa paketi.

Pa phunziro la zaukhondo mphunzitsi asaiwale za kukhichini. Moto umapha tizirombo tolimba monga umaphera tofooka, ngati nyama yapsa kufikira pa fupa. Ngozi itsalira pa manja, pa mpeni ndi m'mbale mmene munali nyama yaiwisi. Mpeni umene wadula nkhuku utsukidwe ndi sopo usanakhudze tomato kapena mango amene mwana adzadya osaphika.