KUSIYA NCHITO YABWINO: NKHANI YA ALBERT LUTHULI



Masiku apitawa ndinalandira kalata ya mnyamata wina amene ali kalaliki mu ofesi. Iye akuti malipiro ace ali bwino, ndipo makolo ace amanyadira pomuona atabvala taye. Koma m'mawa uli wonse pomka ku nchito mtima wace umalema, pakuti saona munthu amene athandizidwa ndi mapepala amene iye alemba. Afunsa ngati kuli kupusa kusiya nchito yotere. Ine sindidzamuyankha ndi nzeru zanga, popeza ndikali mwana; koma ndidzamuuza za munthu wina amene anaima pa mphambano yonga imeneyi.

Albert Luthuli anali mphunzitsi pa Adams College, sukulu ya mishoni ya kumwera kwa Durban, ku South Africa. Anali kuphunzitsa Cizulu ndi nyimbo, ndi kulangiza iwo ofuna kukhala aphunzitsi. Malipiro anali kubwera mwezi ndi mwezi, mabuku anali pafupi, ndipo anthu anali kumlemekeza.

M'caka ca 1933 akuluakulu a kwao ku Groutville anadza kudzampempha kuti akhale mfumu yao, pakuti kumeneko mfumu inali kusankhidwa ndi anthu. Luthuli sanabvomere msanga. Anadziwa kuti malipiro a mfumu anali ocepa koposa a mphunzitsi, ndipo iye anali ndi mkazi ndi ana. Anadziwanso kuti nchito ya mfumu ndiyo kukhala pabwalo kumva milandu ya malire a minda ndi ya maukwati. Analingirira zaka ziwiri zathunthu. Kumapeto kwa 1935 anabvomera, nasankhidwa, nayamba kulamula anthu ngati 5,000 m'caka ca 1936.

Pambuyo pace iye mwini anafotokoza m'buku lace kuti moyo wa pa Adams unali wokoma, koma unambisira masautso a anthu ace. Ku Groutville anaona ndi maso ace njala m'nyumba za anthu, minda yocepa, ndi amuna osiya mabanja kukafuna ndalama ku Durban ndi ku Johannesburg. Anthu a kumeneko anali kulima nzimbe, koma yense payekha, ndipo mau a mlimi mmodzi sanali kumveka kwa eni fakitale ya shuga. Luthuli anautsanso bungwe la alimi a nzimbe kuti alankhule pamodzi. Apa maphunziro ace sanataike: dzanja lomwe linazolowera coko linayamba kulemba makalata a alimi.

Koma walira mvula walira matope. M'caka ca 1952 Boma linamuitana ku Pretoria ndi kumuuza kuti asankhe cimodzi, ufumu kapena bungwe la African National Congress. Iye anakana kusiya ciri conse, ndipo Boma linamcotsa pa ufumu. Mu December wa caka comweco anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwelo, ndipo kwa zaka zambiri Boma linamletsa kucoka m'dera la kwao. Tisaiwalenso mkazi wace, Nokukhanya, amene analinso mphunzitsi wophunzira bwino: iye ndiye anagwira khasu kuti ana adye ndi kupita ku sukulu. M'caka ca 1961 Luthuli anapita ku Oslo kukalandira mphotho ya mtendere ya Nobel, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira.

Tsono, mbale wanga kalaliki, musaganize kuti yense wosiya nchito adzalandira mphotho. Pamene Luthuli anali kumanga katundu wace pa Adams, analibe lonjezo lina liri lonse koma malipiro ocepa ndi milandu ya pabwalo. Cimene ndifuna kuti muone ndi ici: iye sanathawe nchito cifukwa ca kutopa cabe, anapita kumene anthu anali kumdikira. Wothawa kutopa amakakupezanso kumene apitako, ndipo akulu anati, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Dzifunseni tsono: ndani amene ali kundidikira? Kapena kwanu kuli bungwe la alimi losowa munthu wosunga mabuku, kapena akulu ofuna kuphunzira kuwerenga madzulo. Yambani kuwathandiza pa Ciweru, nchito yanu muli nayobe, kuti muone ngati mtima wanu ukhazikika pamenepo. Sungani kandalama. Kambiranani ndi iwo amene amadya malipiro anu, pakuti katunduyu adzamsenza pamodzi ndi inu. Mukacita zonsezi, ndipo mtima ukali kunena kuti pitani, pamenepo kusiya sikuli kupusa ai.

Mundilemberenso kalata kundiuza m'mene mwaganizira. Tsalani bwino nonse.